Njinga Ikamazima Ikatentha, Ikazizira N'kuliranso: Poyambira Kufufuza

Njinga yamoto yongokaniratu kulira ili ndi chilungamo. Mumaikankha mpaka kwa makaniko, iye n'kuipeza ikudwala, n'kuona pamene pavuta. Yosowetsa mtendere ndi iyi: m'mawa yalira ndi kiki imodzi, mwanyamula munthu pa Kamuzu Road ku Salima, mwalowa msewu wa ku Senga Bay, ndiye mutayenda mphindi 15 kapena 20 yayamba kutsamwa, kenako zii. Muponde kiki mpaka malaya kunyowa, ayi ndithu. Wokwera uja watsika, wakwera ya mnzanu, ndalama yapita. Mukakhala pamthunzi kwa kanthawi n'kuyesanso, yalira ngati sinalakwepo kanthu. Mukafika nayo pagalaja, makaniko akuiliza, akuimvetsera, akukuyang'anani, n'kunena kuti njingayi ilibe vuto.

Ya alamu anga inachita zimenezi pafupifupi miyezi iwiri, nthawi ya dzuwa la Okutobala, ine ndili chaka choyamba kusukulu yophunzitsa kukonza njinga zamoto. Chimene chinawaopsa kwambiri n'chakuti inkazimira malo amodzimodzi, chapakati pa ulendo wa makilomita pafupifupi 20 uja wopita kunyanja. Pasiteji anzawo anali atagamula kale mlandu: wina wawachita chipongwe, apite akaone kwa asing'anga. Iwo anabwera kwa ine kaye, poti kunyumba ndinali nditayamba kale kutchedwa injiniya. Ndinasintha pulagi. Inazimabe. Ndinamasula kabuleta n'kuitsuka kawiri, ndipo ulendo wachiwiri ndinapotokolanso kasikulu ka mpweya mongoganizira. Inazimabe, komanso inayamba kumwa petulo wambiri. Pomaliza ndinawauza kuti agule CDI yatsopano, kabokosi kamagetsi kolamula sipaki, ndalama zimene akanagulira thumba la chimanga. Tsiku lotsatira anandiimbira ali pamalo omwe aja. "Alamu, injiniya uja ali pafupi? Muuzeni kuti ndili pamthunzi wanga wa masiku onse."

Zozimira malo amodzi zilibe chinsinsi. Munthu akanyamuka pasiteji imodzi, pa liwiro lomwe amayendera masiku onse, injini imafika pa kutentha komweko atayenda mtunda womwewo. Mtengo wa mango umene mumaimapowo sunalakwe.

Nditaibweretsa kusukulu, aphunzitsi athu sanagwire sipanala. Anandifunsa mafunso atatu, ndipo onse ndinalephera kuyankha. Imazima bwanji, mwadzidzidzi kapena motsamwa? Itangozima, sipaki inalipo? Kiki inali yolemera ngati m'mawa kapena inapepuka? Nditati sindinakhalepo pamene inkazima, anagwedeza mutu. "Ndiye iwe mnyamata wakhala ukuchiza munthu amene sunamuonepo akudwala. Chuluke chuluke ngwa njuchi, umanena iyo yakuluma. Kaikwere, ikakuzimire, ubwere undiuze."

Apa ndiye pagona nkhani yonse. Vuto lobwera ndi kutentha limaoneka injini ili yotentha basi, ndipo mumakhala ndi mphindi zochepa chabe, mwina zisanu, mwina khumi, isanazizire n'kubisanso matenda ake. Choncho zida muzinyamule m'thumba: pulagi ina imene mukudziwa kuti ndi yabwino, sipanala ya pulagi, sikuludiraiva yafulati, botolo loonekera mkati louma bwino, ndi kansalu kokhuthala kogwirira zotentha. Ngati ndinu makaniko ndipo kasitomala wabwera ndi dandaulo ili, musakhutire ndi kuiliza pagalaja. Injini za njinga zimenezi zimazizira ndi mphepo ya paulendo, ndipo kutentha kwa njinga yoima sikufanana ndi kwa njinga yonyamula anthu awiri pachitunda. Ikwereni, mutenge ndi mnzanu kumbuyo.

Mverani mmene ikufera

Injini ya petulo imafuna zinthu zitatu kuti ilire: petulo wosakanikirana bwino ndi mpweya, sipaki pa nthawi yake, ndi kompulesheni, kutanthauza mphamvu imene pisitoni imapanikizira mpweya uja m'silinda. Chimodzi chikasowa imazima, koma kazimidwe kake kamasiyana, ndipo khutu lokha likhoza kukuchepetserani ntchito ndi theka.

Ikayamba kuchita befu, kukoka n'kusiya, kukoka n'kusiya, ndipo mukabweza moto pang'ono ikukhala ngati yatsitsimuka, kenako n'kufa pang'onopang'ono monga imachitira petulo akatha, ganizirani za njira ya petulo. Ikangoti zii kamodzi n'kamodzi ngati wina wapotokola kiyi, nthawi zina n'kuphulitsa kamodzi ku ekizozi, ganizirani zamagetsi. Ikamatha mphamvu pachitunda, kukana kulira payokha mukasiya moto, n'kumazima pamalo oima, ndipo kiki n'kukhala yopepuka ngati mulibe kanthu mkati, amenewo ndi mavavu, tizitseko tolowetsa ndi kutulutsa mpweya m'silinda, kapena maringi a pisitoni.

Pali kazimidwe kachinayi kamene sikafuna kuyesayesa. Ngati inayamba kulemera ngati wina akuikokera kumbuyo, n'kumveka fungo la oyilo wopserera, ndipo kiki yalimba gwa osatsika, pisitoni yagwira m'silinda. Musaumirize ndi mwendo, musaikankhe kuti ilire, ndipo musathire madzi ozizira pa hedi yotentha chifukwa ikhoza kupindika kapena kung'aluka. Isiyeni izizire yokha, muone oyilo, muikweze pagalimoto.

Petulo akufika?

Itangozima, musanagwire china chilichonse, ikani khutu pafupi ndi chivindikiro cha thanki n'kuchitsegula. Mukamva kuti psii, mpweya ukulowa, mwina mwalipeza kale vuto. Chivindikiro chimenechi chili ndi kabowo kakang'ono kolowetsa mpweya m'malo mwa petulo amene akutsika. Kabowoko kakatsekeka ndi fumbi kapena dzimbiri, thanki imakhala ngati botolo lozondotsa lotsekedwa ndi chala: petulo amatsika kwa kanthawi, kenako n'kuima. Dikirani theka la mphindi kuti kabuleta idzaze, pondani kiki. Ikalira, yendani chivindikiro chili chosatseketsa muone ngati izimenso. Ndaonapo akabaza akuika kapulasitiki pansi pa chivindikiro pofuna kuti petulo asamatayike m'mabampu, osadziwa kuti atseka mphuno ya thanki. Vutoli silichokera kwenikweni ku kutentha, limangobwera mutayenda mtunda, koma limanamiza anthu ambiri chifukwa maonekedwe ake ndi omwewo.

Chivindikiro chikakhala kuti chilibe mlandu, pitani pansi pa kabuleta. Pa kambale kosungira petulo pali kasikulu kokhuthulira. Ikani botolo lanu kukamwa kwa kapaipi kake, kutali ndi ekizozi yotentha, mumasule kasikuluko pang'ono. Pali zinthu ziwiri zoti muone. Choyamba, kuchuluka: ngati mwatuluka timadontho tochepa n'kusiya, kambale kanali kopanda kanthu, ndiye kuti petulo sakufika mokwanira. Tsegulani kampopi ka pansi pa thanki muone ngati akuyenderera mosadukiza kwa mphindi yathunthu. Akamayamba bwino n'kumacheperachepera, tsatirani njira yake chobwerera m'mbuyo: kasefa kapulasitiki ka pakati pa paipi, paipi yeniyeniyo ngati yapindika kapena yafewa chifukwa chogunda silinda, kasefa ka m'kati mwa thanki pamwamba pa kampopi, ndi kasingano kotsegula petulo m'kabuleta. Yesaninso kutembenuza kampopi kupita pa RES, njira ya petulo wotsalira pansi pa thanki. Ikayenda bwino pa RES koma n'kumazima pa ON thanki ili ndi petulo wambiri, njira ya ON ndiyo yatsekeka.

Chachiwiri, imikani botolo lija padzuwa kwa mphindi imodzi. Madzi ndi olemera kuposa petulo, ndiye amakhala pansi ngati timikanda kapena kamzere kooneka pakokha. Tizidutswa tofiira ndi dzimbiri la m'thanki. Petulo amene timagula kuno amasakanizidwa ndi ethanol, wina mwa iye wopangidwa kwathu konkuno ku Dwangwa kuchokera ku zotsalira za nzimbe, ndipo khalidwe la ethanol ndi kukoka chinyezi. Petulo wotere akakhalitsa m'chigubu chosatseka bwino, makamaka kuno kunyanja nthawi ya dzinja, amamwa madzi. Tonse tikudziwa mmene mafuta akhala akusowera zaka zapitazi, ndipo palibe wakabaza amene angalumbire kuti sanathirepo wam'zigubu. Sindikuweruza munthu, ana amafuna kudya. Koma mukathira wotere, sefani ndi kansalu koyera, ndipo pakutha pa sabata khuthulani kambale ka kabuleta. Ndi ntchito ya mphindi ziwiri.

Kabuleta yeniyeniyo muimasule pokhapokha mwapeza zinyalala m'botolo. Mukatero, majeti, tizitsulo ta timabowo todutsira petulo, muwauzire ndi mpweya n'kuwayang'ana padzuwa ngati kabowo kakuoneka kozungulira bwino. Osawatokosa ndi singano kapena waya wa buleki, mukulitsa bowo ndipo njinga izimwa petulo moyo wake wonse. Kasikulu ka mpweya kaja, kamene ine ndinathamangira kupotokola, musanakagwire kalowetseni pang'onopang'ono mukuwerenga kuti kazungulira kangati mpaka kukafika, mulembe, kuti muthe kukabwezera pamene kanali.

Sipaki

Musachotse pulagi imene ili pa injini yotentha. Hedi ndi ya aluminiyamu, ndipo mazinga ake amaonongeka msanga ikatentha, kuwonjezera apo mupsa zala. Ichi n'chifukwa chake ndinati munyamule pulagi ina. Zulani kapu ya pulagi, lowetsanimo pulagi yanu ija, igunditseni ku chitsulo cha injini mutagwira ndi kansalu kouma ku labala, kiyi ali pa ON, mnzanu aponde kiki. Onetsetsani kuti petulo amene munakhuthula uja sali pafupi. Dzuwa la ku Salima masana silikulolani kuona sipaki, ndiye phimbani ndi chipewa kapena thupi lanu. Sipaki yabwino ndi yabuluu moyererako, imamveka kuti tsa tsa, ndipo imabwera kiki iliyonse. Yofiirira, yoonda, kapena yobwera mwa apo ndi apo ndi yodwala.

Ngati sipaki palibe injini ili yotentha, n'kubwerera ikazizira, mwachepetsa malo ofufuza, koma musathamangire kusitolo ngati ine. Yambani ndi zaulere. Kapu ya pulagi imalowa pa waya wake mopotokola. Imasuleni, dulani kansonga ka waya ngati kachita dzimbiri kapena kupsa, muibwezere. M'kati mwa kapu yambiri muli resistor ya pafupifupi 5,000 ohms, ndipo ikayamba kufa imavuta ikatentha. Yesani sipaki ndi waya wokha wopanda kapu, nsonga yake italikirane ndi injini mamilimita asanu kapena asanu ndi limodzi. Ikadumpha bwino pamenepo, kapu ndiyo yafa, ndipo ndi chinthu chotchipa kuposa zonse m'njira imeneyi.

Kenako chotsani mpando ndi thanki muyang'ane mawaya. Njinga zambiri za kabaza za 125cc ndi 150cc zimene zili m'misewu yathu injini zake zinatengera Honda CG125, imene inatuluka koyamba mu 1975, ndipo zambiri zimatsatiranso mitundu ya mawaya ya Honda. Wobiriwira ndi wa earth. Wakuda wa mzere wachikasu umachoka ku CDI kupita ku koyilo, imene imakweza magetsi opita ku pulagi. Wabuluu wa mzere woyera umachokera ku pickup, kachipangizo ka pambali pa magineto kouza CDI nthawi yotulutsa sipaki. Wakuda wa mzere wofiira umabweretsa magetsi kuchokera ku magineto. Wakuda wa mzere woyera ndi wozimitsira: ukagunda chitsulo cha njinga paliponse, sipaki imatha. Tsimikizani kaye potsatira waya ndi maso, chifukwa njinga imene yadutsa m'manja mwa amakaniko asanu mitundu imakhala itasokonekera. Pa njinga yokhala ndi waya wozimitsirawu, uzuleni pa CDI n'kuyesanso. Sipaki ikabwera, CDI ndi koyilo zili bwino, vuto lili ku swichi ya kiyi, ku kabatani kozimitsira pa handulo, kapena pamene wayawo wasupuka.

Malo amene ndimayamba kuwakayikira masiku ano ndi pamene analumikiza alamu yoteteza kuba. Chifukwa cha kuba kwa njinga, akabaza ambiri amaikitsa alamu ya rimoti, ndipo alamu imeneyi imalumikizidwa ku mawaya omwewa a sipaki. Ambiri oika amangosupula waya ndi mano, kupota, kukulunga tepi. Tepi ikatenthedwa pansi pa thanki imamatuka. Chimodzimodzi wailesi ndi magetsi okongoletsa. Mukapeza mfundo zotere, zimasuleni, muzilumikize ndi sodala.

Zonsezi zikakhala bwino, patsala koyilo, CDI, pickup ndi koyilo ya m'magineto. Zitatu mwa izi zili ndi waya woonda kwambiri wokulungidwa kambirimbiri. Ukaduka m'kati, nsonga zake zimagundana ukazizira n'kutalikirana ukatentha. Ndi multimeter, mita yoyezera magetsi, mukhoza kuyeza ma ohms injini ili yozizira, n'kuyezanso itangozima. Kusintha pang'ono n'kwachibadwa, koma ikaonetsa kuti njira yadukiratu, mwachipeza. Popanda mita, bwerekani chipangizo pa njinga ya mnzanu yofanana nayo imene ikuyenda bwino, chimodzi pa ulendo umodzi, kuyambira koyilo, kenako CDI. Mukasintha ziwiri nthawi imodzi simudzadziwa chimene chinali chakufa.

Pa CDI chenjerani. Zilipo za AC, zodya magetsi a magineto mwachindunji, ndi za DC, zodya magetsi a batire, ndipo pulagi yake yolumikizira ikhoza kufanana koma sizilowerana. Njinga ya DC ilinso ndi msampha wake: ngati batire sikutchajidwa, imayenda mpaka batire itatsika, n'kuzima, ndipo batire ikapuma imabwerera mphamvu pang'ono n'kuilizanso. Mungalumbire kuti ndi kutentha. Yezani pa batire: yodzaza bwino imaonetsa 12.5 volts kapena kuposerapo pang'ono injini ili chete, ndipo mukailiza n'kukoka moto iyenera kukwera kufika pakati pa 13.5 ndi 14.5. Ikapanda kukwera, onani regulator, kachipangizo kolamula magetsi otchajira batire, ndi mawaya ake.

Ya alamu anga

Tsiku limene aphunzitsi anandituma lija ndinaikwera ndi mnzanga wa m'kalasi kumbuyo, ndipo sinatikhumudwitse, inazima. Chivindikiro sichinapume. M'botolo munatuluka petulo woyera wokwanira. Sipaki inali yabuluu, kiki iliyonse, kutanthauza kuti CDI yakale ija ndinaichotsa ilibe tchimo. Koma nditaponda kiki ndi chidwi, mwendo unangotsika fwaa mpaka pansi. Ndinayesa ndi dzanja, inatsikanso. M'mawa womwewo kiki imeneyi inali ndi polimba pake pamene umachita kuimirira.

Aphunzitsi atamva zimenezi anangoti tiikankhire pansi pa shedi, tiionenso mawa. Mavavu amayezedwa injini itaziziriratu, yogona usiku wonse ndiye yabwino. M'mawa mwake tinachotsa chivindikiro cha pamwamba pa hedi, tinatsegula kabowo koonera kumanzere kwa injini, n'kuzungulitsa injini pang'onopang'ono mpaka chilembo T cha pa magineto chitalunjika ndi kamzere ka pabowo. Apa ophunzira ambiri timalakwitsa, ine ndemwe. Injini ya four-stroke imazungulira kawiri kuti imalize ntchito imodzi, ndiye T amabwera kawiri, ndipo woyenera ndi mmodzi yekha: amene amabwera vavu yolowetsa mpweya itangotsika n'kukweranso. Pamenepo mavavu onse awiri ndi otseka, ndipo ma rocker onse awiri, timikono tokankha mavavu, ayenera kugwedera pang'ono mukawagwira ndi zala.

Wa kumbali ya kabuleta unagwedera. Wa ku ekizozi unali nganganga. Aphunzitsi anandipatsa feeler gauge, tizitsulo topyapyala tija tokhala ngati mpeni wopinda, n'kuti ndiyese kopyapyala kwambiri. Sikanalowe. Mpata panalibe n'komwe.

Mpata umenewu ndi waung'ono zedi, pa Honda CG125 buku limati 0.08 mm mbali zonse ziwiri, ndipo injini zina zotengera pamenepo zimalembedwa 0.05 mm, ndiye onani kabuku ka njinga yanu kapena kapepala komata pa njingapo ngati kakadalipo. Koma ntchito yake ndi yaikulu. Vavu ya ku ekizozi imakhala m'moto weniweni, ndipo chitsulo chikatentha chimatalika. Mpata uja ndi malo oti italikiremo. Ukasowa, vavu ikatentha imalephera kukhala pansi bwinobwino pampando wake, imatsala yotsegula ngati tsitsi limodzi, ndipo kompulesheni imathawira pamenepo. Ikazizira imafupika, imatseka, njinga n'kulira. Choopsa china n'chakuti vavu imataya kutentha kwake pogunda mpando wake, ndiye yosatsekayo imapsa m'mphepete. Mukachedwa, nkhani imachoka pa sipanala n'kufika pogula vavu ndi gasiketi ndi kumasula hedi.

Kukonza kwake: masulani nati yomangira, bwezani kasikulu ka pamwamba, lowetsani feeler gauge ya muyezo woyenera, tsitsani kasikuluko mpaka kachitsulo kazituluka mokokera pang'ono, ngati mukusolola pepala pansi pa kapu ya tiyi. Gwirani kasikuluko kasasunthe pamene mukumanga nati. Mukamanga yezaninso, chifukwa kumanga nati kumakonda kusuntha muyezo. Ine ndinabwereza kanayi aphunzitsi asanavomere. Zungulitsani injini kawiri, bwererani pa T, yezaninso kotsiriza.

Nditafunsa alamu ngati wina anagwirapo mavavu, anakumbuka. Miyezi itatu m'mbuyomo anadandaula pagalaja ina kuti injini ikusokosera, tiki tiki tiki, okwera akumafunsa ngati njingayo ili bwino. Makaniko anamanga mpaka phokoso linatha, iwo n'kulipira mokondwa. Ichi ndachiona kambiri chichokereni kusukulu, ndipo mlandu ndimaugawa pawiri. Kasitomala amafuna injini yachete, makaniko wopanda feeler gauge amamanga ndi khutu kuti amusangalatse. Injini za mtundu wa CG zili ndi ndodo zokankha mavavu ndipo kaphokoso kochepa n'kachibadwa chake. Komanso mpata wa ku ekizozi umatha kuchepa wokha pakapita nthawi, vavu ikamadya mpando wake, ndiye ngakhale pasakhale amene anagwirapo, njinga ya kabaza iyenera kumayezedwa miyezi ingapo iliyonse.

Mukayeza mavavu n'kupeza ali bwino koma kiki ikupepukabe, yang'anani utsi. Wabuluu ku ekizozi, oyilo kumatha msanga, ndi pulagi yakuda monyowa, ndi maringi kapena silinda yodyeka. Imeneyo ndi ntchito yomasula injini, nkhani ya tsiku lina.

Chimene chikuitenthetsa mopitirira

Nthawi zina chipangizo chimene chikufooka chimakhala kuti chikuzunzidwa ndi injini yotentha kuposa muyezo, ndiye mukangosintha chipangizocho vuto lidzabweranso. Injini itazizira, chotsani pulagi muione kunsonga. Yofiirira ngati chigumu chopsa bwino ndi yathanzi. Yakuda bii ndi mwaye wouma, petulo wachuluka, mwina sefa ya mpweya yatsekeka kapena choko sakubwerera. Yoyera mbee ngati phulusa ndiyo yoopsa: petulo wachepa, mpweya wachuluka, ndipo injini yotere imatentha kwambiri. Kawirikawiri mpweya woba umalowera pa labala wolumikiza kabuleta ndi hedi, amene amang'aluka ndi dzuwa. Chizindikiro chake, mukasiya moto injini imachedwa kutsika. Ikulira payokha, gwedezani kabuleta pang'ono kapena donthezerani madzi pa labalayo. Kaliridwe kakasintha, pamenepo pali mng'alu. Ena amachepetsa dala petulo pa kabuleta kuti asunge mafuta. Zimene amasungazo amakazisiya kwa wogulitsa mapisitoni. Pobwezera pulagi, mpata wa kunsonga kwake ukhale 0.6 mpaka 0.7 mm, ndipo iyambeni ndi zala musanaike sipanala.

Oyilo m'injini zimenezi amalowa pafupifupi lita imodzi yokha, ndipo ndi yemweyo amene akufewetsa injini, giya ndi kilatchi, n'kumathandizanso kuziziritsa. Muyezeni njinga itaima chilili pamalo osapendekeka. Kwa njinga yogwira ntchito kuyambira m'bandakucha mpaka usiku, ine ndimauza akabaza kuti asapitirire makilomita 1,500 asanasinthe, ndipo posintha atsuke kasefa kawaya kamene kali kuseri kwa chotsekera chachikulu chokhuthulira oyilo. Zipsepse za silinda zikamatidwa ndi matope a dzinja ouma, injini ili ngati yavala juzi; zitsukeni itazizira.

Sefa ya mpweya kuno imadzaza msanga chifukwa cha mchenga ndi fumbi la misewu ya kumidzi. Yasiponji itsukeni, iume, muidonthezere oyilo pang'ono n'kufinya. Yapepala sichapidwa, imasinthidwa. Kuichotseratu kuti njinga ipume bwino ndi kudyetsa silinda mchenga. Ndipo matumba atatu a mpunga kuchokera ku Lifuwu, m'mchenga, pa giya yoyamba, masana a Novembala, injini ikulira mokuwa koma mphepo yoiziziritsa palibe: pamenepo ngakhale njinga yatsopano imafuna kuti muime pang'ono ipume.

Ya alamu ija titaimanga chivindikiro, ndinabwezera kasikulu ka mpweya pamene kanali, aphunzitsi akundiyang'ana osanena kanthu. Ndinabwezeranso CDI yakale. Tinaikwera awiri mpaka ku Senga Bay, tinadya kanyenya, n'kubwerera osazima. CDI yatsopano ija sitolo inakana kuilandira poti inali itamangidwapo kale, ndiye ili m'bokosi langa la zida mpaka lero, ndimayesera njinga za anthu. Alamu amati ikadali yawo, ndipo akabwera kudzasinthitsa oyilo salipira.